Kaseti Inali Ikuzungulirabe

Amayi anzanga, ndi abambo ochepa amene mwalimba mtima kukhala kumbuyoko, ndiloleni ndiwerenge. Sindinalembe pofuna kuonetsa sukulu, ayi. Ndalemba chifukwa ndikayamba kulankhula za pamtima sindidziwa poimira, ndipo nthenda imeneyo ndi imene inandilanditsa mwana.

Ndine Dailesi, wobadwira mu Linda momwe muno. Ambiri mumandidziwa kuti amake Inonge. Ena mumandidziwa ndi dzina lina lija la m'nyuzipepala, mayi wa mafuta. Musagwetse nkhope, ndimamva mukamanong'onezana ndikadutsa. Lero mumva kwa mwini wake mmene dzinalo linabwerera.

Ndinaphunzira ku koleji ntchito ya muofesi, kutayipa ndi kulandira alendo, ndipo ndinalembedwa pa fakitale ina yosoka zovala. Boma litasintha, salaula, zovala zakale zochokera kunja, atadzaza m'misika, fakitale inatseka ngati zinzake. Satifiketi ndinaiika pansi pa sutukesi, ndinagula chiwaya ndi mbaula, ndinayamba kukazinga vitumbuwa pamsika, Inonge ali kumsana. Mwamuna wanga, Mubita, ankayendetsa takisi pa eyapoti, kunyamula azungu opita ku mathithi. Tsiku limene ndege yabwera yopanda anthu, ndinkadziwira pa mmene watsekera chitseko cha galimoto. Kuseri kwa chitseko chathu kunkalendewera lamba wakale wa injini, fanibeluti, ndipo sanali wokonzera galimoto. Sindinauzepo munthu. Alangizi anandiuza pa ukwati kuti za m'nyumba sazitulutsa panja, ndipo ndinasunga mwambowo mpaka tsiku limene ndinautaya wonse nthawi imodzi, kwa munthu wolakwika.

Masiku amenewo nyuzipepala zatsopano zinkamera ngati bowa. M'mawa wina anafika pamsika mnyamata wa tayi, dzina lake Kelvin, wolembera kanyuzipepala kena ka ku Lusaka. Anali ndi kabokosi kojambulira mawu, ka kaseti.

"Ba sisi, ndimwe munali ku fakitale? Nilemba nkhani ya bazimai bamene banachotsedwa nchito. Tingakambeko pang'ono?"

Ndinasangalala. Sindinamufunse kuti nkhaniyo ituluka kuti, sindinamuuze kuti abwere mawa, sindinaganize n'komwe chimene ndikufuna kunena. Ine wa satifiketi ndikonzekerenji? Ndinapukuta manja, ndinamuyankha m'Chingerezi cha muofesi kuti amayi ogulitsa tomato amve. Ndinanena za fakitale, za mtengo wa ufa, zonse bwinobwino. Atatha mafunso anatseka cholembera n'kuchilowetsa m'thumba la shati. Ine ndinati basi, tamaliza.

Kenako analoza nkhope yanga. Diso langa lamanzere linali lotupa, la dzulo lake.

"Nanga diso, ba sisi?"

"Ninagwa ku bafa."

Sanayankhe. Sanatsutse, sanavomere. Anangondiyang'ana, nkhope yachisoni, ali chete. Mafuta okha ndi amene ankalira m'chiwaya.

Apa mvetserani, chifukwa apa ndi pamene ndinagwera. Ife tinaleredwa kuti mlendo sumusiya ali chete. Akakhala duu, ndiye kuti wamulandira moipa, umufunse za kwawo, umuseketse. Ku koleji anatiphunzitsanso zomwezo, kuti mlendo wodikira bwana asamve kusungulumwa. Ndiye chete ameneyo anandiyabwa ngati chitedze. Ndinangomva pakamwa panga patseguka pokha.

Ndinanena zonse. Dzina la Mubita, takisi yake yobiriwira, malo amene amaimika pa eyapoti, fanibeluti. Kelvin ankangogwedeza mutu, osanena kanthu, ndipo akapitiriza kukhala chete ine ndinkawonjezera. Pomaliza, pofuna kuti nkhani yolemerayo ithe ndi kuseka, ndinaloza chiwaya.

"Koma tsiku lina, shuwa, nizamuyembekeza agone, nimuthire mafuta aya pamutu. Tione ngati fanibeluti izamuthandiza."

Ndinaseka, iyenso anaseka. Anagula vitumbuwa, anatola kabokosi kake pa benchi pafupi ndi beseni. Ndi pamene ndinaona kuti kaseti inali ikuzungulirabe.

Nkhani ya fakitale sinatuluke. Chimene chinatuluka sabata yotsatira, zilembo zikuluzikulu, chinali chakuti mayi wa ku Linda walumbira kukazinga mwamuna wake. Mawu anali anga, palibe limodzi limene Kelvin anapeka. Za fanibeluti zinali pansi penipeni, pamene anthu safika powerenga. Madalaivala a pa eyapoti anawerengerana mokweza, ndipo pofika masana Mubita anali atapatsidwa dzina lakuti Chitumbuwa.

Anandipeza ndikusambitsa Inonge pabwalo, dzuwa lili pamutu. Anandigwira tsitsi n'kundikokera m'nyumba, miyendo ikukhwekhwereza pansi. Fanibeluti inang'amba diresi, inang'amba msana. Itamuterereka m'manja anatenga mpando. Ndinatchinga ndi mkono, ndinamva fupa likuti thyo. Anandimenyetsa nkhope pa simenti, dzino ili mukuona palibeli ndinalilavula pamodzi ndi magazi. Pamene ankamenya ankakuwa mawu amodzimodzi.

"Nizakupaya! Uniona monga ndine chitsiru? Nizakupaya!"

Anthu anadzaza kumpanda. Ndinamva wina akuti, "Musalowe, ba mayo bazamukazinga bokha," ena n'kuseka. Inonge anali chiimire m'beseni, sopo ali m'mutu, akulira mpaka mawu anatha.

Ndili chigonere pansi anafika mlamu wanga, Ba Monde, mchemwali wake wa Mubita, nyuzipepala ili m'manja. Anandilumpha ngati akulumpha ngalande. Anakulunga Inonge m'thaulo, ali wonyowa choncho.

"Mwana wa m'bale wanga sangakhale na munthu wokazinga banthu," anatero. "Uzamuonera pa chithunzi."

Zotsatira ndinena mwachangu, chifukwa nazonso zinachitika mwachangu. Mkono usanapole ndinayamba kachasu, poyamba kuti ndigone, kenako kuti ndidzuke. Chiwaya ndinagulitsa, mbaula ndinagulitsa. Mubita anasamuka, eni nyumba anandiponyera katundu panja. Ndinkagona kwa amayi ophika kachasu, ndikuwatsukira mabotolo. Aliyense amene wanditchula za mafuta ndinkamulumphira. Mayi wina ndinamuluma khutu pa mpopi. Wina anandithyola nthiti ndi mpini wa khasu. Ndinayamba kukonda ndewu, amayi anzanga, ndikunena zoona, chifukwa pa ndewu pokha ndi pamene mutu unkasiya kulira dzina la mwana wanga.

Tsiku lina masana ndinapita ku Maramba kwa Ba Monde nditaledzera. Anakhoma chitseko. Ndinakuwa, ndinatukwana, kenako ndinatola mwala n'kuponya pa windo. Galasi linaphwanyika, ndipo mkati ndinamva kulira kumene ndingakudziwe pakati pa ana onse a m'dziko. Inonge anali atakwera pa mpando kuti andione. Galasi linamucheka pamphumi. Ba Monde anatuluka naye, magazi akutsikira m'maso, akuthamangira ku chipatala. Mwana wanga anandiona, ndipo anabisa nkhope m'khosi mwa azakhali ake.

Mukuganiza kuti ndinasiya mowa? Ndinapita kukamwa wina. Ndipo poti mtima unkafuna wina woti ndimusenzetse mlandu, ndinayamba kusaka Kelvin. Ndinamupeza m'bala ina pafupi ndi siteshoni ya sitima, akudya nyama yowotcha. Anati, "Ah, ba Dailesi," akumwetulira. Ndinamuswera botolo pamutu, ndipo chotsala m'dzanja ndinamukhadzula nacho tsaya. Anthu anandigwetsa pansi, anandiponda mpaka apolisi anafika. Nyuzipepala inalembanso za mayi wa mafuta. Ulendo uno ndinalibe wonamizira. Ndinalowa m'ndende.

Ku ndende kunkabwera amayi a mpingo kudzapemphera nafe. Pakati pawo panali mayi wamkulu wa magalasi, Ba Moono, amene anagwira ntchito zaka zambiri yowerenga nkhani pa wailesi asanapume n'kubwerera kwawo kuno. Sanandilalikire. Anangoti, "Nkhani yako ninawerenga. Ukachoka, ubwere kwanga ku Dambwa. Siniphunzitsa kupemphera, bena alipo bodziwa. Niphunzitsa kukamba."

Nditatuluka ndinamva kuti Mubita wakasuma kukhoti kuti ukwati uthe ndiponso kuti Inonge akhale wa kwawo mpaka kale. Umboni wawo unali nyuzipepala ziwiri zija ndi chipsera cha mwana. Ndinalibe kwina kopita. Ndinapita ku Dambwa.

Ba Moono anandikhazika pa khonde, anandithirira tiyi, anaika wailesi ya kaseti pa tebulo n'kudina batani lofiira.

"Manje ine ndine Kelvin," anatero. "Ba Dailesi, mufuna chani kukhoti?"

"Nifuna mwana wanga."

Anakhala chete. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinadziwa kuti ndi mayeso, ndinadziuza kuti sinditsegula pakamwa. Koma chitedze chija chinayamba. Ndinayang'ana nkhuku pabwalo, ndinayang'ana zala zanga. Basi, ndinaphulika. Ndinanena za Ba Monde kuti ndi mfiti, za Mubita kuti ndidzamuonetsa, za amayi ake, zonse.

Sanandidule. Nditapuma anafunsa ndi mawu ozizira ngati akuwerenga za nyengo.

"Ndimwe munatema mwana wanu na mwala?"

Sindikumbukira kunyamula kapu. Ndikukumbukira ikuphwanyika pa khoma pafupi ndi khutu lawo, tiyi wotentha akuwathira pa mkono, ine nditaimirira, ndikukuwa, chibakera chili m'mwamba pamutu pa mayi wa msinkhu wa amayi anga.

Ba Moono sanasunthe. Anapukuta mkono ndi nsonga ya chitenje, khungu likufiira ndikuona. Kenako anabweza kaseti.

"Khala pansi. Mvera."

Ndinamva mawu anga akuti ndikufuna mwana wanga. Anali mawu abwino, a mayi. Kenako chete uja amene ndinkamuyesa wautali ngati msewu wa ku Kazungula. Pa kaseti anali waufupi, wosakwana ngakhale kumwa madzi. Kenako kubwebweta. Kenako kuphwanyika kwa kapu, ndi mawu akukuwa.

"Nizakupaya! Uniona monga ndine chitsiru?"

Amayi anzanga, amene ankalankhula pa kaseti ija anali Mubita. Mawu omwewo, kakwezedwe komweko, ngakhale kapumidwe. Munthu amene ndinkamuopa kuposa imfa anali atasamukira pakamwa panga, ndipo ameneyo ndi amene Inonge anamuona pa windo. Ndinakhala pansi pa simenti pakati pa zidutswa za kapu, ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale tsiku la fanibeluti. Ba Moono anandisiya ndilire. Sananene kuti pepa, sananene kuti tonthola. Nditatha anandipatsa tsache.

Ndikusesa anafunsa, "Iwe, ukaponya chitumbuwa mu mafuta, umachita chani?"

"Nimachisiya."

"Ukachigwiragwira?"

"Chimamwa mafuta. Chimaphwanyika."

"Ndiye yankho yako ni chitumbuwa. Ponya, chotsa dzanja. Chete uja si wako, ni wa mtolankhani, ni khasu yake yolimira. Iwe umulimira munda chifukwa chani?"

Kubwerera sikunali kwa tsiku limodzi. Mowa unandigwira pakhosi masabata ambiri, kusanza, kunjenjemera, kutuluka thukuta ngati malungo. Ndinagwa kamodzi, ndinamwa, ndipo m'mawa mwake ndinapita ndekha kukawauza Ba Moono asanamve kwa ena. Amayi a mpingo anandibwereka chiwaya, ndinabwerera pamsika pa malo omwe aja, pakati pa anthu amene ankandiseka. Ndinapeza kachipinda. Ndinapita kwa Kelvin kukapepesa, ndili ndi mayi wina wa mpingo, ndipo anandilandira ataima kuseri kwa tebulo. Sindimuimba mlandu.

Ndipo Loweruka lililonse ndinkakhala pa khonde lija, kaseti ikuzungulira. Ba Moono ankasanduka mtolankhani wachifundo, mtolankhani wamwano, mtolankhani wonamizira kuti wazimitsa makina. Anandiphunzitsa kufunsa ndisanayankhe: ndinu ndani, mukulembera ndani, nkhaniyi ndi ya chiyani. Anandiphunzitsa kuti ndili ndi ufulu wonena kuti bwerani mawa, ndipo kuti munthu amene wamenyedwa dzulo asayankhe mtolankhani lero, chifukwa chimene chimalankhula ndi bala. Anandiletsa kutchula dzina la munthu amene ndikagone naye nyumba imodzi madzulo ake. Anandiletsa nthabwala, chifukwa pepala silisindikiza kuseka. Ankati kaseti imasiya kuzungulira pamene mtolankhani wakwera basi, osati pamene wabisa cholembera. Koma chachikulu chinali ichi: usanakumane naye, sankha chinthu chimodzi chimene ukufuna anthu amve, uchinene mokweza kunyumba mpaka lilime lichizolowere, ndipo funso lililonse likakukokera kutchire ubwerere pomwepo. Manja anga, poti ndi amene ankandipereka, tinagwirizana kuti azikhala kumbuyo, atagwira mfundo ya chitenje.

Tsiku la mlandu Kelvin anabwera kukhoti, chipsera chili pa tsaya, kabokosi kali m'manja, akufuna kundifunsa mafunso. Mayi wa mafuta anali akadali nkhani yogulitsa pepala. Ndikanatha kumukana, ndipo Ba Moono anati ndisankhe ndekha. Koma ndinaganiza kuti tauni yonse ikudziwa mawu anga oipa okha. Ndinavomera. Tinaima pansi pa mtengo pabwalo la khoti, mlandu usanayambe. Mubita anali atatsamira takisi yake chapafupi. Ba Monde anali pa benchi, Inonge ali pamiyendo pawo, atakula, atavala diresi limene sindinaligule ine.

Ndinamufunsa Kelvin kuti nkhani ndi ya chiyani. Anadabwa pang'ono, anati ndi ya mlanduwu. Kenako anadina batani.

"Ba Dailesi, mafuta muli nayo?"

Anthu anaseka. Ndinagwira mfundo ya chitenje.

"Mafuta ni ya vitumbuwa. Ninalakwa, ninapweteka mwana wanga, ninapweteka na imwe. Moba ninasiya, nili na nyumba, nili na nchito. Nabwera kupempha mwana wanga."

Ndinaponya, ndinachotsa dzanja.

Kelvin anakhala chete, nkhope yachisoni yomwe ija. Chitedze chinabwera, musaganize kuti chinatha. Mawu anadzaza pakhosi, za fanibeluti, za dzino langa, za thaulo lija. Ndinaluma lilime mpaka ndinamva mchere. M'maganizo ndinkayang'ana chitumbuwa chikuyandama, chikufiira pansi, ndikudziuza kuti chisiye, chisiye. Bwalo lonse linati zii.

Amene analephera kupirira anali Mubita. Anali atauza anzake kuti abwere adzaone wamisala akubwebweta, ndipo wamisalayo anali ataima phee.

"Kamba, iwe!" anakuwa. "Kamba vamene unakamba! Uzionetsa monga ndiwe mngelo?"

Sindinatembenuke. Ndinangomva nsapato pa miyala, kenako dzanja pakhosi. Anandimenya mbama imene inandigwetsa, anandiponda m'nthiti, akukuwa mawu ake aja akuti adzandipha. Pafupi ndi dzanja langa panali mwala wokwana bwino m'chikhatho. Ndinauona. Zala zinasiya mfundo ya chitenje. Ndiye ndinamva mawu aang'ono kuchokera pa benchi akuti, "Amayi!" Ndinabweza dzanja, ndinaphimba mutu. Amesenjala a khoti anamugwira Mubita anthu atatu, akuphiriphitha. Oweruza anali ataimirira pa khomo. Kabokosi ka Kelvin kanagwa pansi pafupi ndi nkhope yanga, ndipo ndinaona kaseti ikuzungulirabe.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mukapirire kumenyedwa kuti anthu akumvereni chisoni. Fanibeluti ija ndikanaitengera ku polisi ndi kwa akulu a banja tsiku loyamba, mwina bwenzi ndili ndi mano onse. Nkhanza za m'nyumba zitulutseni, alangizi anatinamiza pamenepo. Koma zitulutseni mutakonzeka, muli ndi mnzanu pambali, muli ndi kogona kwina, mukudziwa chimene mukufuna chichitike mawu anu akamveka. Musazitaye pamsika chifukwa mlendo wakhala chete.

Khoti linathetsa ukwati. Inonge silinandipatse tsiku lomwelo. Linati azibwera kwa ine Loweruka ndi Lamlungu, amayi a mpingo aziona mmene ndikukhalira, ndipo zikayenda bwino abwerere. Ba Monde, ndiwayamikire pano, anamubweretsa okha Loweruka loyamba. Anaima pakhomo osalowa, anati, "Amakonda tiyi ya mkaka manje," n'kubwerera.

Mwana wanga anakhala pa mpando pakona, manja pamiyendo, chipsera chili pamphumi, osanena kanthu. Ndinamupatsa moni, sanayankhe. Ndinatambasula dzanja kuti ndimukonze kolala, anadzidzimuka n'kuphimba mutu. Amayi anzanga, chete wa Kelvin anali masewera poyerekeza ndi ameneyo. Ndinkafuna kugwada, kulira, kumufotokozera za atate ake, za kachasu, kumulonjeza nsapato, kumukakamiza anene kuti wandikhululukira. Ndinanena chimodzi chokha.

"Inonge, ninakupweteka. Sinizachitanso."

Ndinatuluka panja, ndinakoleza mbaula, ndinayamba kukazinga za pamsika. Sindinamuitane. Ndinaponya vitumbuwa, ndinachotsa dzanja. Loweruka limenelo sanalankhule, ndi lotsatira lomwe. Ankangotuluka n'kukhala pa khonde, tsiku lililonse pafupi pang'ono ndi mbaula, ine ndikuluma lilime.

Loweruka lina ndinali nditatembenuka kufuna ufa m'beseni. Ndinamva kachala kakundigwira pa chigongono, pa mkono womwe uja unathyoka.

"Amayi," anatero. "Chija chapsa. Nipatseniko."

Ndinachivuula, ndinachiuzira mpaka chinazizira, ndinamupatsa. Lero akugona kwanga masiku onse. Ndi uyo wakhala pafupi ndi Ba Moono, wa riboni yofiira, amene akundikodola kuti ndatalikitsa. Ndaponya, amayi anzanga. Ndikuchotsa dzanja.